Lipoti: kachigamba koyeza kutentha thupi pa mayi wa kemo amene timawasamalira pakhomo

Ndine namwino, ntchito yanga ndi yoyendera odwala m'makomo, makamaka a khansa amene akulandira mankhwala koma akugonera kwawo. Lipoti ili ndalembera anzanga a ntchito ngati yangayi komanso magadiyani, chifukwa masiku ano abale amene ali kunja ayamba kutumiza tizipangizo tambirimbiri kumudzi kuno ndiye timangotipeza tili kale pathupi pa wodwala. Mayiwa ndi ana awo anavomera kuti ndilembe. Dzina lawo, dera ndi chipatala ndachotsa, kampani yopanga kachipangizoko sinditchulanso.

Za wodwala

Ndi mayi wa zaka za m'ma 50, khansa ya bere lakumanzere. Anawachotsa berelo pamodzi ndi timwanabere ta kukhwapa, chilonda chitapola anayamba kemo, kutanthauza mankhwala opha maselo a khansa, ya doxorubicin ndi cyclophosphamide, ija odwala amangoti dilipi yofiira, maulendo 4, kamodzi pa masabata 3 aliwonse. Shuga alibe, BP ili bwino. Pakhomo amakhala ndi mdzukulu wawo wamkazi wa zaka za m'ma 20 amene ndiye gadiyani, ndi tiana tiwiri ta ku pulayimale. Mwana wawo wamkulu ali ku Johannesburg, ndiye amatumiza ndalama za zonse.

Ine anandiitana kemo yoyamba itavuta kale. Patatha sabata ndi theka chilandirireni dilipi, mayi anayamba kuzizidwa ndi kuphwanya m'thupi, pakhomo onse anati ndi malungo basi, anagula panado ndi LA osayezetsa nkomwe, thupi limazizira akamwa panado kenako nkutenthanso, choncho masiku awiri. Tsiku lachitatu anawanyamula osatha kuima, BP ili pansi, anagonekedwa pafupifupi masabata awiri ndipo kemo yachiwiri inachedwa. Apa mpamene mwana wawo uja anagula kachigambako nkukapatsira munthu amene amabwera pa basi.

Chifukwa chimene kutentha thupi sikuli nkhani yaing'ono pa kemo

Izi ndizifotokoze bwino chifukwa lipoti lonse lakhazikika pamenepa. Kemo imapha maselo amene amagawikana msanga, sisankha kuti awa ndi a khansa awa ndi a m'mafupa opanga magazi. Ndiye asilikali a m'thupi, makamaka amene timawatchula ma neutrophil, amatsika, ndipo amafika pansi penipeni pakati pa tsiku la 7 ndi la 14 chilandirireni dilipi. Nthawi imeneyo tizilombo ta m'kamwa, ta m'matumbo kapena ta pakhungu pa munthu yemweyo titha kulowa m'magazi nkufalikira pa maola ochepa. Chovuta nchakuti popanda asilikaliwo thupi silionetsa zizindikiro zomwe tinazolowera, mafinya sapangika, chilonda sichitupa kwambiri, chifuwa chitha kumveka bwinobwino. Kawirikawiri chimene chimatsala ndi kutentha thupi kokha.

Malangizo a ku Britain a NICE amati munthu wa kemo amene ma neutrophil ake poyeza magazi ali 0.5 kapena kutsikirapo ndipo thupi latentha kupitirira 38, kapena akuoneka kuti wadwalika, amuthandize ngati ngozi. A ku America a IDSA amati 38.3 kamodzi, kapena 38.0 imene yakhala ola lathunthu. Zipatala zambiri za khansa zimalimbikira kuti antibayotiki woyamba alowe mumtsempha pasanathe ola limodzi munthu atafika. Ndiye mukaona, mpikisano wake ndi wa maola, ndipo maola ambiri amatayikira kunyumba usiku anthu ali mtulo, kapena pa kapanado kaja.

Kwathu kuno pali chinanso, kutentha thupi kulikonse timakutcha malungo. Malungo enieni alipodi ndipo wa kemo athanso kuwadwala, nchifukwa chake amayezedwa akafika kuchipatala, koma olo zotsatira zitati ali nawo sizitanthauza kuti m'magazi mulibenso china.

Kachipangizoko

Ndi kanthu kakang'ono kofewa, kachepa kuposa chikhatho cha mwana, kamamatidwa kukhwapa ndi pulasitala yakeyake. Mkati muli kosensa kutentha, batire, ndi Bluetooth. Kamayeza kosalekeza nkumatumiza manambala ku apu ya pa foni imene ili pafupi, apuyo imajambula mzere wa mmene thupi layendera ndipo nambala ikadutsa malire amene mwaika alamu imalira. Foniyo ikakhala ndi intaneti manambala amapitanso kwa ena amene mwawalowetsa, ndiye mwana uja ku Joni amaona chimodzimodzi, ndipo poti nthawi ya ku South Africa ndi ya ku Malawi ndi imodzi panalibe chosokoneza pa mawotchi. Pamsika tilipo ta mitundu iwiri, tina totaya batire ikatha ngati TempTraq ya kampani ya Blue Spark Technologies ya ku Ohio, tina totchaja nkumangosintha pulasitala. Kathu kanali kotchaja.

Zinthu ziwiri zofunika kudziwa. Choyamba, kamayeza khungu la kukhwapa osati mkati mwa thupi, ndipo kukhwapa kumatsalira pafupifupi theka la digiri poyerekeza ndi mkati. Chachiwiri Bluetooth yake imafika mamita ngati 10 pamalo opanda chotchinga, khoma la njerwa limadula, ngakhale thupi la wodwalayo akagonera mbali yomwe kali limadulanso.

Tsiku loyamba ndinapeza atakamata kumanzere, mbali ya opaleshoni. Tinakasamutsira kumanja. Mbali imene achotsa timwanabere sitifuna chilichonse chotupula khungu, mkono umenewo sutulutsa madzi bwino ndipo kachilonda kakang'ono katha kusanduka vuto lalikulu, ndi chifukwa chomwecho sitiyezerako BP kapena kubayako. Tsitsi la kukhwapa linali litathothoka kale ndi kemo ndiye panalibe zometa, koma kwa ena ndingati dulani ndi sizasi, lezala ayi. Kenako tinakayerekeza ndi themomita wamba ya dijito, m'mawa, masana ndi madzulo kwa masiku angapo mayi ali bwinobwino. Kakakhala kuti kamatika bwino ndipo mkono uli pansi, kusiyana kwake sikumapitirira 0.3. Tinaonanso kuti kakangomatidwa kumene kamatenga mphindi 10 mpaka 15 kuti nambala ikhazikike, ndiponso kuti mayiwa thupi lawo labwinobwino limasewera pa 36.2 m'mawa ndi 36.8 madzulo. Kudziwa nambala yawoyawo imeneyi kunatithandiza kwambiri pambuyo pake.

Panalinso kamfuti kaja koyeza pachipumi kamene kanatsala nthawi ya Covid mu 2020. Ndinawapempha akasunge kutali. Munthu wachoka padzuwa kapena ali ndi thukuta pachipumi kamapereka nambala iliyonse.

Mavuto a sabata yoyamba

Unali mwezi wa October, nyumba ya malata yopanda siling'i, aliyense akudziwa mmene kumakhalira. Thukuta limamatula pulasitala. Kachigamba kakangonyamuka pang'ono mpweya nkulowa, nambala imagwa mpaka 33 kapena 34 ndiye alamu ya kuzizira imalira. Mayi akagona atakweza mkono pamutu, zomwezo. Masana akagona chogonera mbali yomweyo kuchipinda kotentha imakwera mpaka 37.6 alamu nkuliranso, kuyeza ndi themomita wamba nkupeza 36.9. Foni ikachoka pafupi kumabwera alamu ina yoti kulumikizana kwaduka, ndipo foniyo imachoka pafupipafupi chifukwa inali ya mdzukulu, akapita kumsika kapena kukatunga madzi amapita nayo, madzulo tiana tija timaseweretsa magemu pakhonde.

Usiku umodzi alamu inalira kanayi, konseko kwabodza. Ndipo nthawi iliyonse mwana wa ku Joni amaimba ali ndi mantha, mayi kudzutsidwa, kuyatsa tochi, kuyeza, kugona, kenako zomwezo. Nditabwera mayi anandiuza mosabisa, "A nesi, kanthu kanuka kandisowetsa tulo kuposa matendawo, kachotseni." Mdzukulu naye anali atatsitsa kale voliyumu mpaka pansi, osauza munthu. Sindinamudzudzule, mtsikanayu amaphika, kuchapa, kusambitsa agogo ake, kuperekeza ana kusukulu, ndiye usiku asagonenso? Alamu yolira pachabe ili ngati galu wouwa mwezi usiku uliwonse, tsiku lobwera akuba palibe amene amatuluka. Kwa ine iyi ndiye inali ngozi yaikulu kuposa zonse chifukwa banja limaganiza kuti likuyang'aniridwa pamene foni ili duu.

Panalinso vuto lina losaoneka. Mafoni a Android ali ndi kachitidwe kosunga batire kamene kamatseka ma apu amene akugwira ntchito kuseri. Titayang'ana mzere wa usiku tinapeza mipata ya maola awiri atatu yopanda nambala iliyonse. Magetsi akazima foni nkuthima ndiye basi. Bandulo ikatha, alamu ya m'chipinda imalirabe chifukwa Bluetooth sifuna intaneti, koma wa ku Joni saona kanthu.

Zomwe tinasintha

Tinapeza foni yakale yoti ikhale ya kachigamba basi, yosachoka pa kampando ka pambali pa bedi mbali yakumanja, yolumikizidwa ku pawabanki nthawi zonse. Tinachotsamo magemu ndi WhatsApp, tinauza foniyo kuti apu imeneyi isamaitseke, voliyumu pamwamba, kabandulo ka mwezi kakang'ono kamakwana chifukwa manambala sadya deta yambiri. Pomata tinayamba kusambitsa kukhwapa ndi sopo, kuumitsa bwinobwino, osadzola mafuta kapena paudala, kumata mkati mwenimweni mwa khwapa, nkuwonjezera pulasitala ya pepala pamwamba. Masana mayi ali maso ndipo pali anthu tinasiya kukavala, timayeza ndi themomita wamba kanayi patsiku, kachigamba nkumatchajidwa khungu nkumapuma. Kamavalidwa kuyambira madzulo mpaka m'mawa, ndiponso masiku oopsa okha, tsiku la 5 mpaka la 16 pambuyo pa dilipi iliyonse. Alamu ya kuzizira tinaitsitsa kuti isamalire pa kanthu kalikonse, ya kutentha tinaika pa 37.5. Ma alamu abodza anatsika kwambiri, mausiku ambiri kumacha kuli zii.

Mwana wa ku Joni tinagwirizana naye kuti alamu ikalira asaimbire amayi ake, adikire mphindi 5, ngati mdzukulu sanamulembere uthenga woti wadzuka ndiye aimbire mdzukuluyo mpaka ayankhe. Ntchito yake inakhala yodzutsa wogona. Zinamuvuta kuvomera, munthu ali kutali mtima sukhala m'malo, koma anamvetsa.

Kenako tinalemba dongosolo papepala ndi zilembo zazikulu nkumata pachitseko cha kuchipinda. Alamu ikalira, ona ngati kachigamba kamatika, vundukula bulangete, yeza ndi themomita wamba kukhwapa kwakumanja. Ikakhala 38.0 kapena kupitirira, imbira nesi uku mukunyamuka, osadikira kuti kuche. Ikakhala pakati pa 37.5 ndi 37.9 bwerezanso pakatha mphindi 30. Panado ayi, bufeni ayi, LA ayi. Kuyezera kumbuyo kotulukira chimbudzi ayi, wa kemo sitimuika kanthu kumeneko. Ndipo pansi pake, ngati akunjenjemera, akubwebweta, akupuma movutika, akutsegula m'mimba kapena akulephera kuima, nyamukani olo nambala ili bwino.

Thiransipoti tinaikonzeratu. Bambo wina woyandikana nawo ali ndi galimoto, anavomera kuti foni yake izikhala yoyatsa usiku masiku oopsawo, ndalama ya mafuta inaikidwa mu envulopu mkati mwa buku la kuchipatala. Chikwama chinalongedzedwa, zitenje, kapu, bulangete. Adokotala awo a khansa analemba m'bukumo patsamba looneka kuti mayiyu ali pa kemo, tsiku la dilipi yomaliza, ndi kuti akabwera ndi kutentha thupi ayezedwe magazi ndi kuyamba antibayotiki pompopompo.

Usiku wa tsiku la 10, kemo yachiwiri

Masana ake ndinawaona. Anali ndi tizilonda tiwiri m'kamwa, ofooka koma akudya phala, kutentha 36.7, BP 118/74, kugunda kwa mtima 84. Palibe chimene chikanandiuza kuti usiku kuvuta.

Manambala awa ndawatenga pa mzere wa mu apu. 9 koloko usiku 36.8. Cha m'ma 11 inali 37.0, 12:30 inali 37.2, ikukwera pang'onopang'ono mosabwerera m'mbuyo, zosiyana ndi zabodza zija zimene zimadumpha nkugwanso. 1:40 inafika 37.5 alamu nkulira. Mdzukulu anadzuka, kachigamba kanali komatika, themomita wamba inati 37.8. Anavundukula agogo ake, anawapatsa madzi, anandilembera uthenga, anadikira. 2:10 themomita inati 38.2. Anandiimbira.

Ndinamuuza aike foni pa sipika. Mayi amayankhula bwinobwino, akudziwa kumene ali, amangoti akumva kazizizi kumsana. Ndinamuuza mdzukulu awerenge kugunda kwa mtima padzanja monga ndinamuphunzitsira, anapeza 108. Ndinati nyamukani. Apa mpamene panali ntchito yeniyeni, mayi anakana. "Mwana wanga, ine ndili bwino, tidzutse anthu usiku uno chifukwa cha kanambala? Ndimwe kapanado, kukacha tipita." Ndipo ndikumvetsa, munthu sakumva kupweteka paliponse, kunja kuli mdima, kuchipatala anakagonako masabata awiri osakufuna. Ndinawakumbutsa za ulendo woyamba uja, kuti unayambanso chonchi ndi kazizizi. Mwana wawo anaimba pa foni inayo akulira, "Amayi chonde mverani a nesi." Mdzukulu osadikira kuti mkangano uthe anali atagogoda kale kwa aneba. Cha m'ma 2:35 galimoto inanyamuka.

Anafika itangodutsa 3 koloko. Tsamba lija la m'buku linagwira ntchito, a kiliniko ataliwerenga sanawaike pamzere. Kutentha 38.4, mtima 112, BP 104/66. Malungo anayeza, analibe. Anatenga magazi a FBC, owerengera maselo a m'magazi, ndi ena okadzala kuti aone tizilombo, mkodzonso, anaika kanula kudzanja lamanja nkuyamba ma antibayotiki a ceftriaxone ndi gentamicin pamodzi ndi dilipi ya madzi 4 koloko isanakwane bwino. Gentamicin amamuwonjezera chifukwa ceftriaxone payekha sagwira tizilombo tina ngati Pseudomonas amene ndi woopsa kwa anthu opanda asilikali. Zotsatira zitabwera ma neutrophil anali 0.3.

Cha m'ma 6 m'mawa, nthawi imene mayi amati ndiye anyamuke kunyumba, anayamba kunjenjemera bedi lonse kugwedezeka, kutentha 39.3, BP inatsika kufika 88/54. Anawawonjezera madzi mwachangu ndipo pofika masana inakwera. Izi zinachitika ali pabedi la chipatala, kanula ili kale padzanja, mankhwala ali kale m'magazi maola awiri. Akanakhala kunyumba atamwa panado ija, 6 koloko ikanawapeza akufunafuna minibasi, kapenanso panadoyo ikanaziziritsa thupi nkuwanamiza mpaka madzulo. Mkodzo unaonetsa kuti matenda anayambira m'chikhodzodzo ngakhale iwo sanamve kuwotcha pokodza ngakhale pang'ono, zomwe ndi zimene ndanena pamwamba zija. Tsiku lachitatu kutentha kunasiya, anatuluka tsiku lachisanu ma neutrophil atakwera, ndipo kemo yachitatu inaperekedwa pa tsiku lake.

Kemo yachitatu, pamene alamu sinalire

Gawo ili ndikufuna anzanga aliwerenge kuposa lapamwambalo. Adokotala anawonjezera jakisoni wa filgrastim wothandiza mafupa kupanga asilikali msanga, banja linagula lokha. Jakisoni ameneyu amapweteketsa mafupa, m'chiuno ndi m'miyendo. Amayi a kutchalitchi atabwera kudzazonda, mmodzi mwa chifundo chake anawasiyira mapiritsi a chimfine ndi kuphwanya m'thupi. Mayi anamwa, mdzukulu anaona paketi yosalembedwa kuti panado ndiye anati palibe vuto. Koma mkati mwake munali paracetamol yemweyo.

Tsiku la 9 mayi anayamba kutsegula m'mimba usiku, kucha m'mawa apita kuchimbudzi kasanu, akukana kudya, akungogona. Apu imaonetsa 36.3, zobiriwira. Mdzukulu anayang'ana foni nkuti bola thupi silinatenthe. Wa ku Joni anayang'ana foni nkuti amayi ali bwino lero, anapita kuntchito. Palibe anandiimbira mpaka masana pamene mayi anachita chizungulire pofuna kuima. Nditafika lilime linali louma, mtima 118, BP 92/60, mkodzo sanatulutse kuyambira m'mawa. Tinapita nawo nthawi yomweyo. Mwamwayi ma neutrophil anali 1.1, filgrastim anali atathandiza, anawapatsa madzi ndi antibayotiki nkutuluka patatha masiku awiri.

Papepala la pachitseko zinalembedwa kuti kutsegula m'mimba ndi kulephera kuima nyamukani olo nambala ili bwino. Koma chiyambireni usiku uja kachigamba kanawapulumutsa, banja lonse linayamba kukakhulupirira kuposa maso awo. Ndi chibadwa cha munthu. Nambala yobiriwira imatonthoza. Pomwe zoona zake nzakuti munthu atha kukhala ndi matenda m'magazi thupi lili lozizira, makamaka okalamba, amene amwa paracetamol kapena bufeni, ndi amene ali pa dexamethasone kapena prednisolone, ndipo dexamethasone ambiri a kemo amapatsidwa masiku oyamba kuti asasanze. Kutsika pansi pa 36 kwa munthu wooneka wodwalika nakonso ndi chizindikiro choopsa.

Titabwerako tinakhala pansi tonse, wa ku Joni pa vidiyo. Tinagwirizana kuti m'mawa uliwonse ndi madzulo mdzukulu azinditumizira uthenga woyankha mafunso anayi asanayang'ane foni ya kachigamba: adya ndi kumwa? akodza? akuyenda okha kupita kubafa? akuyankhula monga mwa masiku onse? Mankhwala aliwonse obwera ndi alendo, a m'sitolo kapena azitsamba, aziyamba ajambulidwa nkunditumizira. Alendonso masiku oopsa tinawapempha azipempherera pakhonde, amene ali ndi chimfine asabwere. Kemo yachinayi inadutsa popanda kugonekedwa, alamu inalira kamodzi pa 37.5, kuyeza nkupeza 37.3, patatha mphindi 30 inatsika, anagona.

Khungu nalo ndilitchule. Pofika kemo yachitatu pamalo omata panafiira ndi kuyabwa. Kwa munthu wina si nkhani, kwa wa kemo khungu long'ambika ndi khomo la tizilombo. Poti kukhwapa kwina kunali koletsedwa, timangosuntha pang'ono malo omatapo, kumatula pang'onopang'ono titanyowetsa ndi madzi ofunda, ndipo mausiku awiri tinakasiyiratu, mdzukulu nkutchera alamu ya foni 12 koloko ndi 3 koloko kudzuka kuyeza pamanja.

Mmene ndikuonera

Wodwala mmodzi si umboni woti kachipangizoka kamapulumutsa aliyense. Chimene ndinganene pa mayi awa nchakuti kanatipatsa maola pafupifupi anayi usiku umodzi, pakati pa 1:40 ndi 6 koloko, nthawi imene palibe akanayeza. Pamenepo pokha ndi pamene kanaposa themomita wamba, kamakhala maso anthu ali mtulo ndipo kamaonetsa mzere ukukwera. Zina zonse zimene zinachitika usiku umenewo zinachitidwa ndi anthu, mtsikana amene anadzuka, pepala la pachitseko, aneba a galimoto, envulopu ya mafuta, tsamba la adokotala. Chikanasowapo chimodzi mwa zimenezi alamu ija ikanangokhala phokoso. Ndipo ndimakhumudwa ndikaona abale akunja atumiza kachipangizo kodula koma osafunsa kuti kodi kakalira 2 koloko usiku adzuke ndani, apite pa chiyani, mafuta alipira ndani. Ndalama ya galimoto ndi themomita wamba zibwere poyamba, kachigamba pambuyo.

Sindingakamate pa wodwala aliyense. Kamayenera munthu amene ali ndi masiku odziwika oopsa, monga wa kemo, ndipo pali gadiyani wogona chipinda chimodzi kapena choyandikana, wodziwa kuwerenga manambala ndi kugwiritsa ntchito foni. Kwa wodwala amene tikungomusamalira kuti asamve ululu m'masiku ake omaliza, amene banja ndi adokotala anagwirizana kale kuti sabwereranso kuchipatala, alamu ingangowonjezera nkhawa pachabe. Kwa mwana wakhanda wosakwana miyezi 3 kutentha kwa 38 kulikonse nkwa kuchipatala basi, kachigamba kalipo kapena ayi. Pogula onani kuti kanavomerezedwa ngati chipangizo cha chipatala, chizindikiro cha CE cha ku Ulaya kapena chilolezo cha FDA ya ku America, ndiponso kuti mapulasitala ake owonjezera abwere okwanira chifukwa kuno simuwapeza m'mafamase. Wodwalanso afunsidwe kuti manambala a thupi lake aziona ndani, mayi awa anakana kuti achibale ena alowetsedwe mu apu ndipo tinalemekeza zimenezo.

Makomo ambiri amene ndimayendera alibe foni ya intaneti yapadera ngakhale magetsi. Kumeneko ndikugwiritsa ntchito dongosolo lomweli popanda kachigamba, themomita ya dijito, kope lolembamo manambala, alamu ya kafoni ka mabatani yolira 10 koloko usiku, 2 koloko ndi 6 m'mawa pa masiku oopsa okha, pepala pachitseko, ndi thiransipoti yokonzeratu olo ikhale kabaza wa njinga yamoto. Amene alibe namwino womuimbira ndimawapatsa nambala ya Chipatala Cha Pa Foni, imene inayambira ku Balaka mu 2011 ndipo pano ndi ya dziko lonse, koma ndimawauza kuti wa kemo akafika 38 asayambe kufunsa malangizo, anyamuke.

Mayiwa anamaliza maulendo onse 4 a dilipi yofiira ndipo pano akudikira gawo lotsatira la chithandizo chawo. Kukhwapa kunapola. Kachigamba tinakapukuta ndi sipiriti, tinafufuta manambala awo onse mu apu, ndipo banja linavomera kuti kabwerekedwe kwa bambo wina amene akuyamba kemo mwezi wamawa. Kwa iwowo ndayamba kaye ndi kufufuza za galimoto, chifukwa amakhala kutali ndi msewu wa tala ndipo mvula yayandikira.